Kodi malasha a ku Moatize ndi abwino kuposa lignite?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ulongwe. Mwana wa mlongo wawo, amene amagwira ntchito kumgodi ku Moatize, kuno ku Tete m'dziko la Mozambique, anawauza kuti malasha athu alibe vuto chifukwa si lignite, malasha abulauni aja amene anthu akukanganirana ku Ulaya. Bambowo akufunsa kuti: kodi n'zoona kuti lignite yekha ndiye akuwononga nyengo?

Bambo, mnyamatayo sananame, kungoti nkhaniyo anaidulira panjira.

N'zoona kuti a ku Moatize si lignite. Athuwa ndi akuda, olimba, ndipo ena mwa iwo ndi aja ofunika posungunula zitsulo. N'chifukwa chake kuyambira 2011, pamene kampani ya Vale inayamba kukumba, sitima zakhala zikuwanyamula kupita ku Beira, ndipo pambuyo pake ku Nacala kudzera m'Malawi. Lignite sayenda ulendo wotere. Ndi malasha osakhwima, ofewa, ndipo nthawi zina theka la kulemera kwake ndi madzi okhaokha. Ndani angalipire sitima kuti imunyamulire madzi? Motero ku Germany ndi ku Poland amamanga nyumba zopangira magetsi pafupi ndi dzenje lenilenilo, n'kumaotchera pompo.

Mayi aliyense amene anaphikirapo nkhuni zaziwisi m'dzinja akudziwa kale vuto la lignite. Moto umayamba walimbana ndi madzi a m'nkhunimo, akusisima kumapeto kwa chikuni, poto n'kumangodikira. Kuti nsima ipse, mumatha mtolo wonse.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amasokonezeka. Mpweya wa carbon dioxide umapangika kaboni wa m'malasha akaphatikana ndi okosijeni pamoto, ndipo kilogalamu 1 ya kaboni imabala makilogalamu pafupifupi 3.7 a mpweyawo. Malasha ngati athuwa ali ndi kaboni wambiri, choncho kilogalamu 1 ikapsa imatulutsa mpweya wokwana makilogalamu pafupifupi 2.4. Kilogalamu 1 ya lignite imatulutsa pafupifupi 1.2 basi. Mwaona? Tikayeza pasikelo, athu ndiye amatulutsa wambiri! Koma lignite ngwofooka, moti kuti mupeze kutentha kofanana muyenera kuotcha makilogalamu 2 ndi kachidutswa pamwamba, ndipo mpweya umafika pafupifupi 2.6. Kusiyana kwake ndi kumeneko: 2.4 ndi 2.6. Popanga magetsi mpatawo umakulako, ndipo nyumba zambiri zootcha lignite zimapitirira kilogalamu 1 pa yuniti iliyonse ya magetsi, pomwe gasi safika ndi theka lomwe.

Ine zikundipweteka kuti mawu akuti "malasha abwino" asanduka chotonthozera. Ubwino wake ndi wa pamsika, kuti ogula ku India ndi kwina amawafuna. Mlengalenga sufunsa mtundu wa malasha kapena dziko limene aotcheredwa. Mpweyawu ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo gawo lina limakhala kumwambako zaka mazanamazana likusunga kutentha. Musausokoneze ndi fumbi lakuda lija limagwera pa ufa woyanikidwa pamphasa m'midzi yoyandikana ndi migodi. Fumbi ndi mlandu wina, wa m'chifuwa, ndipo ndidzaulemba paokha.

Ku Germany, mu Januwale 2023, apolisi anachotsa anthu ochita zionetsero m'mudzi wa Lützerath kuti mgodi wa lignite wa Garzweiler ukule. Nditaona zithunzi zake ndinakumbukira mabanja athu amene anasamutsidwira ku Cateme kuti apereke malo ku mgodi wa ku Moatize. Dziko la Germany linadziikira malire kuti pofika 2038 lidzakhale litasiya kupanga magetsi ndi malasha a mtundu uliwonse, abulauni ndi akuda omwe.

Ife kuno tili ndi Cahora Bassa ku Songo, damu la mphamvu zokwana mamegawati 2,075, lopanga magetsi popanda kuotcha kanthu, ngakhale ambiri mwa magetsiwo amapita ku South Africa pamene midzi yambiri ya ku Angónia ndi Macanga ikugona mumdima. Ndiye wina akadzabwera ndi nkhani yomanga nyumba yootcha malasha kuno ku Tete, n'kumati musaope poti si lignite, mudzamufunse kuti yuniti imodzi ya magetsi idzatulutsa mpweya wochuluka bwanji, ndiponso magetsiwo adzayaka m'nyumba za yani.

Mnyamatayo musamudzudzule, akudyetsa banja ndi ntchito imeneyo. Akadzabwera patchuthi mudzangomuonetsa manambala awiri aja, 2.4 ndi 2.6, kenaka mudzandilembere zimene adzanene.