Mwana akufuna kupanga mipando: yankho kwa amayi a ku Kapata

Amayi, mwafunsa ngati mnyamata wanu amene wamaliza giredi 12 angadzidyetse ndi ukalipentala wopanga mipando kuno ku Chipata, kapena mumuumirize aphunzire zina. Ine ndakalambira pa pulena, ndiye ndikuuzeni zimene ndaona.

Angadzidyetse ndithu, bola asayembekezere ndalama chaka choyamba. Kukhoma benchi ndi misomali aliyense amatha. Mmisiri weniweni amadziwika ndi momwe amadziwira thabwa. Mlombwa, umene ambiri kuno timati mukwa, sufota kwambiri ukamauma ndipo chiswe sichiukonda, n'chifukwa chake ndi wodula. Mbawa imatuluka yofiirira bwino mukaipaka vanishi. Muwanga ndi wolimba kwabasi, pulena imabuntha musanafike pakati pa thabwa. Paini wa ku Copperbelt ndi wofewa komanso wotchipa, ayambire pamenepo kuti akalakwitsa asalire.

Koma nkhani yaikulu ndi kuumitsa. Thabwa la inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka lili pamthunzi, losanjikizidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Ine ndinaphunzira ndi manyazi. Ndili wachinyamata ndinagula matabwa mu February mvula ili mkati, wogulitsa akulumbira kuti ndi ouma. Ndinapanga tebulo lodyera anthu asanu ndi mmodzi, losalala moti unkadziona nkhope. Pofika October dzuwa litaswa mtengo, pakati pa tebulo panatseguka mng'alu woti supuni inkalowa. Mwini wake analibweza pa ngolo, anthu a pamsewu akuonerera, ndalama ndinabweza zonse. Thabwa limafufuma nthawi ya dzinja n'kufota m'chilimwe, ngakhale patapita zaka. Ndiye pamwamba pa tebulo sitimata ndi guluu ku miyendo, timagwiriza ndi timatabwa tating'ono kunsi kuti lizisuntha momasuka.

Chachiwiri ndi polumikizira. Mpando wabwino umagwira chifukwa bowo lasemedwa ndi tchizulo ndipo lilime la thabwa linalo lalowa thina, osati chifukwa cha misomali yobisidwa ndi utuchi wosakaniza guluu. Mukamagula mpando muziutembenuza muone kunsi, kumeneko sikunama.

Za sukulu, akayese ku Chipata Trades Training Institute kuti akhale ndi pepala la TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, pepalalo limathandiza pofuna ntchito zazikulu. Koma akamaweruka azikakhala kwa mmisiri wachikulire, ngakhale azingosesa utuchi ndi kunola zida. Aphunzirenso sowo ndi pulena ya pamanja, chifukwa magetsi akapita wa mashini okha amangopinda manja.

Chenjezo limodzi: matabwa azigula okhala ndi mapepala a ku Forestry, dipatimenti ya boma yoona za nkhalango. Makamaka mukula, umene mu 2019 unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza mitengo ndi nyama kuti zisathe ndi malonda, asautenge kwa anthu obwera nawo usiku, ngakhale atatchipa bwanji.

Makasitomala ena adzamuuza kuti kumsika tebulo longa lomwelo ndi theka la mtengo wake. Asakangane nawo, koma asayambenso ntchito asanalandire dipoziti yogulira matabwa. Ine ambiri amene amandipatsa ntchito lero anabwera ataona kabati yanga kunyumba kwa mnzawo.

Musanalipire fizi, mugulireni matchizulo awiri ndi mwala wonolera. Muone ngati atha sabata akunola mpaka tchizulo imete tsitsi la pamkono, osanyinyirika.