Dzina la Walker linachokera kuti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene anakwatiwa ku Leeds, mzinda wa ku England. Akuti bambo akunyumba dzina lawo ndi Walker, ndiye akufunsa ngati pali chibale ndi a Johnnie Walker a wisiki aja, komanso ngati nkoyenera kugula chizindikiro cha banja (coat of arms, chithunzi cha chishango choimira banja) chomwe anthu akugulitsa pa intaneti.

Achemwali, dzina limeneli ndi la ntchito, si la mfunda ngati Phiri kapena Banda ayi. Kale ku England chuma chinali pa ubweya wa nkhosa, moti mpaka pano ku House of Lords, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku Britain, wotsogolera zokambirana amakhalira mpando wodzadza ubweya. Ndiye nsalu ikangochoka kwa woomba imakhala yamafutamafuta komanso yolekanalekana ulusi, imayenera ipite kaye kwa munthu wina amene amaiviika m'chibeseni cha madzi osakaniza ndi mkodzo wogonetsa kapena dothi lochotsa mafuta, nkulowamo ndi mapazi kuyamba kuponda, kuponda ngati mmene timapondera dothi la njerwa muja, mpaka nsalu ija itayera ndi kulimba. Akatero amakaikoka pa mafelemu okhala ndi timbedza kuti iume osakhwinyata. Woponda uja ndi amene amatchedwa walker. Ntchito yonunkha, yowawitsa miyendo, koma popanda iyeyo nsalu siimagulika pamsika, nchifukwa chake ine dzinali ndimalipatsa ulemu. Kenako kunabwera zigayo zoyendera madzi zomenya nsalu ndi mahamala amatabwa, oponda anayamba kuchepa koma dzina linatsala.

Dzinali lachuluka kumpoto, monga ku Yorkshire kwanuko, ndi ku Scotland. Ntchito yomweyo kum'mwera cha kuvuma amati Fuller, pomwe ku Devon ndi Somerset amati Tucker.

Maina a banja anayamba kufala a Norman, anthu ochokera kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066, poyamba kwa eni malo, kenako pang'onopang'ono kwa anthu wamba, pofika cha m'ma 1400 ambiri anali akusiyira ana awo dzina. Tsono taganizani, tauni iliyonse yopanga nsalu inali ndi woponda wake, ndiye ma Walker ambirimbiri alibe chibale chilichonse. John Walker wa wisiki uja anali wa golosale ku Kilmarnock ku Scotland, bizinesi inayamba mu 1820, kuti munene kuti ndi abale anu pafunika mapepala.

Za chizindikirozo musataye ndalama chonde. Ku England chimaperekedwa kwa munthu mmodzi ndi mbadwa zake kudzera ku College of Arms, bungwe loona za zizindikirozi, osati kwa aliyense wa dzinalo, ogulitsawo amangosindikiza chithunzi chimodzi nkumagulitsa kwa aliyense.

Chomwe chingakuthandizeni nkukhala pansi ndi apongozi anu, afunseni maina a makolo awo, kumene anabadwira ndi zaka, mulembe. Mukatero fufuzani kalembera wa anthu kuyambira 1921 kubwerera mpaka 1841, ndi ma setifiketi a kubadwa, ukwati ndi imfa omwe boma linayamba kulemba mu 1837. Kumbuyo kwa pamenepo mudalira mabuku a tchalitchi, omwe analamulidwa mu 1538 nthawi ya mfumu Henry VIII, ngakhale a maparishi ambiri oyambirirawo anatayika. Poti dzinali ndi lofala, muzitsimikiza mudzi ndi chaka pa munthu aliyense musanakwere kwa kholo lotsatira, apo ayi mupezeka mukutsata John Walker wa eni ake.