Ku Mbare mukadyeko masana, koma pogona mufune kwina

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma mawu awo ndi awa: "Mu Julayi ndikubwera ku Harare ndi bambo anga. Iwowo anabadwira ku Mbare agogo akugwira ntchito kumeneko, ndipo anachokako akadali mnyamata. Pano ali ndi zaka 74, mawondo akuwavuta, koma akufunitsitsa kukapondanso pomwe anakulira. Ine ndimakonda zakudya za mumsika. Tikufuna hotela yapakatikati, yosaboola m'thumba, ku Mbare komweko kuti tizingoyenda wapansi pokadya. Tingakwanitse madola 70 pa chipinda usiku umodzi. Tigone kuti?"

Achemwali, mwachita bwino kwambiri kuwatenga bambo akadali ndi mphamvu zoyendera. Koma ndikuuzeni mosapsatira: ku Mbare musakagoneko. Mukadyeko, mukayendeyende, mukafunefune mzere wa nyumba womwe bambo anakuliramo, koma dzuwa likapendeka mubwerere kumene mwasiya zikwama.

Musaganize kuti ndikunyoza Mbare. Kumeneko ndimapitako pafupifupi Loweruka lililonse, ndipo kwa ife a chilankhulo chino malowa ndi ngati mudzi wachiwiri. Lokeshoni imeneyi inakhazikitsidwa mu 1907 kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito mu mzinda wa Salisbury, ndipo nthawi imeneyo dzina loti Harare linali la lokeshoniyo. Mzinda wonse utatenga dzinali mu 1982, lokeshoni inatsala ndi dzina loti Mbare. Choncho bambo akamanena kuti "ndinabadwira ku Harare", n'kutheka akutanthauza timisewu tomweti, osati nyumba zosanja za m'tauni. Makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland anafikira kumeneko, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole aja a Ulere onyamula anthu okagwira ntchito, ndipo m'zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963, anachuluka kwambiri. N'chifukwa chake mpaka lero gule wamkulu amatuluka m'malokeshoni a kuno, Ashona n'kumati zvigure, komanso CCAP ili ndi sinodi yakeyake ya Harare. Mukalankhula Chichewa pa msika waukulu wa Mbare Musika, musadabwe mayi wogulitsa matemba akakuyankhani kuti agogo ake anali a ku Dedza.

Vuto ndi loti Mbare sanamangidwe poganizira mlendo. Anamangidwa kuti wantchito agone, m'mawa alawirire kwa bwana. Malo ogona ambiri omwe mungawapeze pafupi ndi msika ndi a anthu odikirira basi ya m'bandakucha kapena alimi obwera ndi katundu. Msikawo sugona: malole a tomato ochokera ku Mutoko, komwe mudzadutse pochokera pa chipata cha Nyamapanda, amatsitsa katundu kusanache. Anthu ndi ochuluka zedi, ndipo monga zilili pa depoti iliyonse yaikulu, opisa m'matumba sasowa. Kwa munthu wazaka 74 amenewo si malo opumulirapo.

Chabwino n'choti Mbare ali pafupi kwambiri ndi tauni, makilomita ochepa chabe chakummwera. Pagalimoto, misewu ikakhala yosadzaza, ndi ulendo wa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ndiye funso lenileni ndi loti mugone mbali iti ya tauni.

Kumunsi kwa tauni, kufupi ndi kaphiri ka Kopje, ndiye kwakale kwenikweni. Mu Robert Mugabe Road muli nyumba zakalekale za masitolo, ndipo Market Hall yomwe inamangidwa m'ma 1890 ikadalipo. Mitengo ya zipinda kumeneko imakopa, koma usiku kumakhala phokoso la mabala ndi ma kombi (ndiwo maminibasi a kuno). Kumeneko ndi kokaona masana basi. Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana kumtunda kwa tauni ndi ku Avenues, dera la misewu ya mitengo ya jakaranda kumpoto kwa tauni, kapena ku Belvedere, Milton Park ndi Eastlea komwe nyumba zambiri zakale anazisandutsa malo ogona alendo. Mayina odziwika a mahotela apakatikati ndi monga Cresta Oasis mu Nelson Mandela Avenue, Cresta Jameson mu Samora Machel Avenue, New Ambassador mu Kwame Nkrumah Avenue, Bronte ku Avenues, ndi mahotela a N1. Musadabwe ena mwa amenewa akakutchulirani mtengo woposa madola 70, chifukwa Harare si wotchipa pa malo ogona. Afunseni ndithu, makamaka ngati mugone masiku angapo kapena kumapeto kwa sabata pamene anthu amisonkhano abalalika. Koma ndi ndalama yanuyo, mwayi waukulu uli ku ma gesitihausi a m'madera ndatchulawa. Za Meikles ndi Rainbow Towers tisatayirepo nthawi, amenewo ndi a thumba lina.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa dzina la hotela ndi zithunzi za pa intaneti sizikuuzani zimenezi. Mu Harare, chosiyanitsa malo abwino ndi oipa ndi madzi ndi magetsi.

Madzi a m'mipopi kuno amatha kusowa masiku angapo, ndipo mabanja ambiri samwa osawiritsa. Mzinda uno unavutikapo kwambiri ndi kolera: mliri wa 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 unabukanso ku Glen View ndi Budiriro. Ndiye musanalipire kalikonse, alembereni pa WhatsApp muwafunse kuti madzi awo amachokera kuti. Ali ndi mjigo wawo? Ali ndi matanki? Akangoyankha kuti "madzi alipo", funsaninso mpaka anene gwero lake. Pa magetsi chimodzimodzi. Kuno amazima maola ambiri, makamaka madzi akachepa ku Kariba. Pafupifupi aliyense adzakuuzani kuti ali ndi sola kapena jenereta, koma funso lothandiza ndi lakuti: magetsi akazima, chimagwirabe ntchito n'chiyani? Malo ena sola yake imangoyatsa mababu ndi intaneti, pamene giza yotenthetsa madzi, pampu ya madzi ndi chikepe zonse zimaima.

Zimenezi ndinaziona ndi maso. Zaka zingapo zapitazo ndinawapezera azakhali anga chipinda pa hotela ina ya m'tauni, yooneka bwino ndithu, koma chinali pa nsanjika yachinayi. Usiku woyamba magetsi anazima, chikepe chinaima, ndipo m'mawa mwake m'bafa munalibe dontho chifukwa pampu sinakweze madzi. Azakhaliwo anatsika masitepe onsewo atagwira phewa langa, akupuma pa nsanjika iliyonse, ndipo zinandiwawa mumtima. Kwa bambo anu pemphani chipinda chapansi, ndipo akulembereni kuti avomera. Muonjezerepo nkhani ya kuzizira. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa Julayi kumazizira mofanana ndi ku Dedza. Funsani za madzi otentha osamba ndi mabulangete oonjezera.

Pa za chakudya cha pa hotela, tengani chipinda chokhala ndi kadzutsa yekha. Musalipiriretu nkhomaliro ndi mgonero, pakuti mwabwerera zakudya za kunja. Kadzutsayo ngofunika chifukwa cha bambo, amwe tiyi wotentha asanatuluke, makamaka ngati ali ndi mankhwala a m'mawa. Funsaninso ngati mtengo womwe akutchulawo waphatikiza kale misonkho, komanso ngati malowo ndi olembetsedwa ku Zimbabwe Tourism Authority.

Ndalama yomwe mupulumutse pamenepo ipite ku mayendedwe. Ma kombi ndi otchipa, koma amathithikana, ndipo timagalimoto tija amati mushikashika musawakwezemo bambo. Gwiritsani ntchito inDrive, pulogalamu ya pa foni yoitanira galimoto, kapena apempheni a pa hotela akupezereni dalaivala amene amamudziwa, mugwirizane mtengo wa tsiku lonse. Bwerani ndi madola a ku America ang'onoang'ono, a 1, a 5 ndi a 10, osang'ambika. Dziko lino lili ndi ndalama yake ya ZiG kuyambira Epulo 2024, koma mumsika dola ndiye imayenda kwambiri, ndipo chenje chimavuta. Mukapereka 20 pa mbale ya nsima mudikira nthawi yaitali.

Nanga mukadya chiyani? Apa ndiye mtima wanga uli. Fikani ku Mbare Musika cha m'ma 10 koloko m'mawa, chipwirikiti cha alimi chitachepa koma miphika ya nkhomaliro ikuyamba kupsa. Dziwani kuti mbali yaikulu ya msikawu inapsa ndi moto mu Okutobala 2024, choncho malo ena asintha maonekedwe, ndipo bambo asakhumudwe akapeza kuti pena sakupazindikira. Nsima kuno amati sadza, ndipo kawirikawiri ndi ya ufa wa mgaiwa kapena wogula m'sitolo, osati woyera wonyika ngati wa kwathu. Mukapeza ya mawere, yomwe amati sadza rezviyo, musaiphonye. Mang'ina ndi mazondo, zam'kati ndi maguru, nkhuku ya lokolo amangoti road runner. Ndiwo zamasamba zotendera ziliko, koma iwo amathira chiponde osati nsinjiro, n'kumati muriwo une dovi, ndipo kakomedwe kake ndi kosiyanako. Kuli madora, mbozi za m'mitengo ya tsanya zazikulu kuposa mphalabungu zathu. Kuli mfutso, nzama zophika, malambe ndi masawu, zomwe mayina ake a Chishona ndi awa: mufushwa, nyimo, mawuyu, masawu. Lamulo ndi lomwe lija la pa chiimilire cha kwathu: idyani pomwe pali mzere wa anthu, chakudya chichoke pamoto mukuona, madzi akumwa akhale a m'botolo, ndipo sopo wanu akhale m'chikwama.

Mukakhuta, dalaivala akudutsitseni pa Stodart Hall, pa Mai Musodzi Hall ndi pa bwalo la Rufaro pomwe mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa pa 18 Epulo 1980. Malo amenewa ndi omwe angatsegule pakamwa pa bambo. Musawafulumizitse, ndipo musajambule anthu musanapemphe.

Tsiku lina madzulo mupite kwa Mereki ku Warren Park. Kumeneko mumagula nyama pa butchala, amayi n'kukuotcherani, n'kukuphikirani nsima pomwepo. Kanyenya ameneyu amati gochi-gochi, ndipo gango ndi nyama zosiyanasiyana zokazingira pamodzi ndi masamba pa chiwaya. Loweruka ndi Lamulungu kumadzaza ndi magalimoto ndi nyimbo, ndiye ndi bambo pitani pakati pa sabata cha m'ma 4 koloko. Ngati mugone ku Belvedere, kwa Mereki ndi mbali yomweyo ya kumadzulo.

Ngati mtima wanu ukukakamirabe zogona ku lokeshoni, yang'anani ku Highfield, pa Machipisa, pomwe pali hotela ya Mushandirapamwe yomwe George Tawengwa anatsegula m'ma 1970, ndipo ili ndi mbiri yake pa nkhani ya ufulu wa dziko lino. Kumeneko, monganso kwina kulikonse, lipirani usiku umodzi wokha poyamba, muone chipinda, mutsegule mpopi, kenako muonjezere masiku.

Chomaliza, basi yochokera ku Blantyre kudzera pa Mwanza ndi Tete imatha kuchedwa m'zipata, n'kufika kuno usiku. Auzeni a pa hotela kuti mwina mufika mochedwa, mufunse ngati pa geti pamakhala munthu usiku wonse, ndipo dalaivala wokudikirirani mupangane naye musananyamuke. Mundilemberenso dzina la msewu kapena la sukulu yomwe bambo akuikumbukira ku Mbare, ndikafunse kwa akuluakulu a ku tchalitchi kwathu inu musanafike.