Momwe mungatsegulire seva ya imelo kuti anthu aziwerenga ali kutali

Wina amene amasamalira makompyuta pa bungwe la anthu pafupifupi 20 wanditumizira funso ili: "Seva yathu ya Ubuntu 24.04 ikulandira imelo bwinobwino kudzera pa Postfix, ndipo mu ofesi timawerenga ndi POP3. Koma anzathu akapita kukagwira ntchito kumidzi sapeza makalata awo pafoni. Ndikonze pati?"

Achimwene, yambani ndi kusiya POP3. Ntchito yake ndi kukopera kalata pa kompyuta imodzi, ndipo mukapanda kuiuza kuti isiye kope, imafufuta kalatayo pa seva. Foni ikamadzafunsa, imapeza bokosi lili mbee. IMAP imasunga zonse pa seva: zomwe zawerengedwa, zomwe zayankhidwa, ngakhale mafoda. Foni ndi laputopu zimangoona bokosi limodzi lomwelo.

Dziwani kuti zitseko ndi ziwiri. Postfix imalandira ndi kutumiza, koma siipereka bokosi kwa mwini wake. Ntchito imeneyo ndi ya Dovecot, choncho ikani dovecot-imapd. Ubuntu 24.04 imabwera ndi Dovecot 2.3, ndipo mizere yomwe ndikulembayi ndi ya mtundu umenewo. Mu 2.4, yomwe ili mu Debian 13, mayina ambiri a makonzedwe anasintha, ndiye musangokopera.

Mu fayilo ya makonzedwe a Dovecot yotchedwa 10-mail.conf lembani mail_location = maildir:~/Maildir, ndipo mu main.cf ya Postfix lembani home_mailbox = Maildir/. Kamzere kopendekera ka kumapetoko musakaiwale, chifukwa popanda iko Postfix imaunjika makalata onse mu fayilo imodzi ya mbox, pamene Dovecot ikuyang'ana mu foda. Munthu amalowa bwinobwino, koma osaona kalata ndi imodzi yomwe. Makalata akale omwe ali mu /var/mail muwasamutse kaye musanasinthe.

Kenako satifiketi, yomwe imatsimikizira foni kuti seva ndi yanudi ndi kuteteza malumikizidwe. Tengani ya Let's Encrypt ndi certbot pa dzina lenileni lomwe anthu azilemba pafoni, mwachitsanzo mail.example.org, osati nambala ya IP. Mu 10-ssl.conf ikani ssl = required, ssl_cert iloze ku fullchain.pem, ssl_key ku privkey.pem. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Satifiketiyi imatha pakadutsa masiku 90. Certbot imatenga yatsopano yokha, koma Dovecot imapitiriza kugwiritsa ntchito yomwe inawerenga poyamba mpaka mutaiuza kuti iwerengenso. Ikani deploy-hook, lamulo lomwe certbot imachita ikangotenga satifiketi yatsopano, yoyendetsa systemctl reload dovecot postfix, apo ayi m'mawa wina mafoni onse adzayamba kukana seva nthawi imodzi.

Pa firewall ndi pa rauta tsegulani ma port awa: 993 ya IMAP, 587 yotumizira, ndi 25 yomwe maseva ena amabweretsera makalata. Mutha kuwonjezera 465 yotumiziranso, yomwe RFC 8314 ya mu 2018 imalimbikitsa. Ma port 110 ndi 143 ine sindiona chifukwa chowatsegulira kunja.

Chitseko chotumizira makalata chimaiwalika kawirikawiri, kenako dandaulo limabwera loti "ndikulandira koma sindikutumiza". Mu ofesi Postfix imakhulupirira aliyense amene ali mu mynetworks, mndandanda wa ma IP ololedwa kutumiza popanda pasiwedi, koma foni ya pa data siimudziwa. Musayese kuthetsa vutoli pokulitsa mynetworks, chonde. Mukatero seva yanu isanduka msewu wa anthu otumiza spam, ndipo IP yanu ikalowa pa mndandanda wa oletsedwa, makalata a bungwe lonse aziwabweza. Njira yake ndi yoti Postfix izifunsa Dovecot ngati pasiwedi ili yolondola. Mu 10-master.conf ya Dovecot tsegulani unix_listener /var/spool/postfix/private/auth, mode 0660, mwini wake postfix. Mu main.cf ikani smtpd_sasl_type = dovecot ndi smtpd_sasl_path = private/auth. Mu master.cf ya Postfix chotsani # pa mzere wa submission, pamodzi ndi smtpd_sasl_auth_enable=yes ndi smtpd_tls_security_level=encrypt. Pa auth_mechanisms ya Dovecot lembani plain login, chifukwa Outlook ina imafuna login.

Musanapatse anthu, yesani nokha ndi doveadm auth test, kenako openssl s_client -connect mail.example.org:993. Kuyesa kwachiwiriku kuchitike mutazimitsa Wi-Fi ya mu ofesi, chifukwa zomwe zikuyenda mkati sizikuuzani kanthu za kunja. Ngati seva ili mu ofesi momwemo, ifunika IP yosasintha ndi UPS, batire yothandiza magetsi akazima. Magetsi akazima, bokosi la aliyense latsekeka.

Pali zinthu ziwiri zomwe zidzakuvutitseni pakapita sabata zingapo. Mukatsegula 993 ndi 587, makina ongoyesa mapasiwedi amayamba kugogoda usana ndi usiku, ndiye fail2ban, yomwe imatseka IP yolephera pasiwedi kangapo, ndi yofunika. Koma mafoni ambiri a pa data amatulukira pa IP imodzi, monganso ofesi yonse. Munthu mmodzi akasintha pasiwedi n'kuiwala kuisintha pafoni, foniyo imangoyesabe yakaleyo mpaka IP itatsekedwa, anzake n'kuvutikira limodzi. Ikani IP ya ofesi mu ignoreip ya fail2ban kuti isatsekedwe, ndipo bantime, nthawi yomwe IP imakhala yotsekedwa, isakhale ya masiku.

China ndi bokosi logawana, ngati la info@. Dovecot imalola malumikizidwe 10 okha a akaunti imodzi kuchokera pa IP imodzi, pamene Thunderbird yokha imatha kutsegula 5. Anthu atatu akatsegula bokosilo, wachitatuyo ayamba kukanidwa. Kwezani mail_max_userip_connections mu 20-imap.conf ifike 30 kapena kuposerapo, molingana ndi anthu omwe akugawana bokosilo.