Mwana wanga akufuna kusiya sukulu kuti azisewera mafilimu

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ali Fomu 3, wayamba kunena kuti MSCE ndi yongotayitsa nthawi. Akuti iye akufuna kudzakhala wosewera mafilimu ngati akazi a ku America ndi ku France amene amawaonera pafoni. Mayiwo akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yeniyeni, komanso ngati imafuna sukulu.

Mayi, ntchitoyi ndi yeniyeni, ndipo musamuseke mwanayo. Koma mumuonetse kumene akazi amene akuwasirirawo anadzera, chifukwa pafoni amangoona madiresi ndi zikho.

Meryl Streep wa ku America, amene dzina lake laikidwa maulendo 21 pa mndandanda wa opikisana pa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu, anayamba wamaliza digiri ku Vassar College mu 1971, kenako n'kukaphunzira zisudzo ku yunivesite ya Yale mpaka 1975. Filimu yake yoyamba inatuluka mu 1977, ali ndi zaka 28. Viola Davis anakulira mu umphawi wadzaoneni ku Rhode Island. Anaphunzira ku Rhode Island College, n'kukhalanso zaka zinayi ku Juilliard, sukulu ya zisudzo ndi nyimbo ya ku New York, ndipo atatuluka mu 1993 anakhala zaka zambiri akuchita zisudzo za pa siteji ndi timagawo ting'onoting'ono ta pa TV. Dziko linamudziwa bwino mu 2008, ali ndi zaka 43, chifukwa cha gawo la mphindi zochepa chabe mu filimu ya Doubt. Oscar anadzailandira mu 2017. Jodie Foster anayamba kuonekera pa kamera ali ndi zaka zitatu, komabe ali wotchuka kale anapita ku Yale kukaphunzira zolembalemba.

Mwana wanu akhoza kukuyankhani kuti Jennifer Lawrence anasiya sukulu ali ndi zaka 14. N'zoona. Koma amene anasiya ngati iyeyo zinthu n'kuwakanika sitiwadziwa mayina, chifukwa palibe amawajambula.

Ku France njira yake ndi yolongosoka kwambiri. Sukulu yaikulu ya boma ndi Conservatoire ya ku Paris, yomwe imatenga ophunzira pafupifupi 30 okha pachaka, ndipo munthu asanayesedwe n'komwe amayenera kusonyeza kuti anaphunzirapo kale zisudzo kwina. N'chifukwa chake ambiri amayambira m'masukulu a m'mizinda ina kapena olipira monga Cours Florent. Marion Cotillard anaphunzira ku Orléans, ndipo anasewera mafilimu zaka zoposa khumi asanalandire Oscar mu 2008 posewera ngati woimba Édith Piaf. Isabelle Huppert anaphunzirako Chirasha kuwonjezera pa zisudzo.

Nkhani ya ndalama ndi imene ana saimva. Wosewera salandira malipiro a pamwezi. Filimu ikatha, ntchito yatha. Ku France boma linakonza thandizo la masiku opanda ntchito, koma kuti munthu alipeze ayenera kusonyeza kuti wagwira maola 507 pa miyezi 12. Malipiro amodzi a tsiku la sewero amawerengedwa ngati maola 12, choncho pamafunika malipiro otere 43 pachaka, ndipo ambiri amavutika kuwakwanitsa. Ku America thandizo lotere kulibe. Bungwe la SAG-AFTRA, loimira osewera mafilimu kumeneko, lili ndi mamembala pafupifupi 160,000, ndipo pa sitiraka ya masiku 118 ya mu 2023 zinadziwika kuti ambiri mwa iwo sankafika ngakhale pa madola 26,470 pachaka, ndalama zimene zinkafunika kuti munthu alowe mu inshuwalansi ya chipatala ya bungwelo. Pa zimene wosewera wapeza, ajenti, yemwe amamupezera ntchito, amadulapo 10 peresenti. Ndiye woperekera zakudya mu lesitilanti ku Los Angeles akakuuzani kuti ndi wosewera mafilimu, sakunama ayi.

Palinso zina zimene zimagwera akazi makamaka. Magawo amachepa zaka zikamapita, ndipo akazi akuda amapatsidwa magawo omweomwewo. Aïssa Maïga, wobadwira ku Dakar n'kukulira ku France, anatsogolera akazi akuda 16 kulemba buku lodandaula za zimenezi mu 2018. Ameneyu mwina mwana wanu akumudziwa: ndi amene anasewera ngati mayi ake a William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu yojambulidwa ku Malawi imene inatuluka mu 2019. Anachita kuphunzira kutchula mawu a Chichewa kuti akwanitse gawolo.

Tsono achite chiyani? Choyamba amalize MSCE, ndipo Chingelezi achikhoze bwino, chifukwa ntchitoyi theka lake ndi kuwerenga ndi kuloweza. Ngati akulakalaka za ku France, Chifalansa ayambe panopa. Alowe kalabu ya zisudzo ya pasukulu, apikisane nawo pa zisudzo za ATEM, ndipo avomere gawo lililonse, ngakhale la mizere itatu. Akamaliza, University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa zisudzo. Digiri yoyamba ndi imene imatsegula khomo la masukulu ngati Yale, komwe kuyambira 2021 ophunzira zisudzo salipira fizi, ngakhale kuti malo ndi ochepa zedi. Lupita Nyong'o, amene anakulira ku Kenya, anadzera ku Yale komweko, ndipo asanafike kumeneko anagwirako ntchito yothandizira kuseri kwa kamera. Mwana wanu aphunzirenso luso lina lodyera, monga kulumikiza mavidiyo kapena kujambula mawu.

Masiku ano mayeso ambiri osankhira osewera amachitika potumiza vidiyo. Foni aigoneke chopingasa pamlingo wa maso, kumbuyo kukhale khoma losalemba kanthu, kuwala kuchokere kutsogolo osati kumsana, ndipo wina aziwerenga mizere ya mnzake ali kuseri kwa foni. Phokoso likhoza kulepheretsa vidiyo ngakhale kasewero kali kabwino.

Ndipo inu mayi, khalani tcheru ndi mauthenga a pa Facebook ndi WhatsApp olonjeza gawo la ku Hollywood. Ajenti weniweni safuna ndalama zolembetsera, amadula zake ntchito ikapezeka. Wina akapempha zithunzi zosavala, kapena akaitanira mwana ku chipinda cha hotela, mudule kulankhulana naye pomwepo. Mwana asanakwanitse zaka 18 musamulole kupita yekha kumalo oyesedwera, ndipo kontirakiti iliyonse muiwerenge ndi kusainira inuyo.