Kukulunga nsambo zatsopano pa gitala kuti zisamakhwefuke

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake nsambo zimene mwangoika zikumangotsika mawu ngakhale mukunge kangati. Vuto nthawi zambiri limakhala pa kakulungidwe.

Yambirani kumunsi. Pindani pang'ono nsamboyo mbali ya kampira (kachitsulo kozungulira ka kumapeto kwake), muilowetse m'bowo la pathupi la gitala, kenako kachikhomo kotsekera bowolo, ngalande yake itayang'ana ku khosi la gitala. Kokani nsamboyo m'mwamba mutapanikiza kachikhomoko, kuti kampira kagwire thabwa la mkati. Kampirako kakakhala kunsonga ya kachikhomo, kamatulutsa kachikhomoko mukamakunga.

Kumutu, lowetsani nsambo pa bowo la chokungira, muikoke iwongoke, muibweze masentimita 5, ndiye muipinde pamenepo. Nsambo zonse zidutse mkati mwa zokungira, chapakati pa mutu, osati chakunja. Pokunga, igwireni ndi dzanja lina ikhale yolimba, ndipo mzere uliwonse ugone pansi pa unzake osakwerana. Zonenepa, E, A ndi D, zizungulire kawiri kapena katatu. Zowonda, makamaka B ndi E, kanayi kapena kasanu, poti n'zoterera. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amakulunga nsambo yonse poopa kuidula, mizere n'kuunjikana, ndiye imangosuntha mukamaimba.

Mukafika pa mawu ake, ikokeni pang'onopang'ono pa fureti 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), mukungenso, mpaka isiye kutsika. Mukapitirira mawu ake, tsitsani kaye mukwerenso. Zotsala dulani ndi pulayazi.

Chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimachititsa dzimbiri msanga, choncho muzizipukuta ndi kansalu kouma mukamaliza kuimba.