Mafunso a Owerenga: Kodi Mpira Ungafikitse Mtsikana ku Yunivesite?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali mu giredi 11, ndipo madzulo alionse amafika pakhomo miyendo ili mbuu ndi fumbi la kubwalo. Aphunzitsi ake akuti ku America kuli mayunivesite amene amalipirira atsikana maphunziro chifukwa cha mpira. Kodi zimenezi n'zoona, kapena akungomupatsa chiyembekezo chabodza? Mayi wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Mayi, aphunzitsiwo sananame. Nkhaniyi inayamba mu 1972, pamene dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala ophunzira chifukwa choti ndi aakazi kapena aamuna. Kuchokera pamenepo, mayunivesite amene kale ankasamala za masewera a anyamata okha anayamba kutsegula matimu a atsikana ndi kuwalipirira maphunziro.

Timu yotchuka koposa ndi ya University of North Carolina, mumzinda wa Chapel Hill, imene inayamba mu 1979 motsogozedwa ndi mphunzitsi Anson Dorrance. Chikho cha atsikana cha NCAA, bungwe loyendetsa masewera a mayunivesite ku America, chitayamba mu 1982, timuyi ndiyo inachitenga, ndipo kuyambira 1986 mpaka 1994 inachisunga zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana. Pamene Dorrance ankapuma ntchito mu 2024, anali atapambana chikhochi ka 21, ndipo chaka chomwecho atsikana ake anawonjezera cha 22. Chimene ife timachita nacho chidwi ndi kaphunzitsidwe kake: zotsatira za wosewera aliyense pa zokonzekera zinkalembedwa, kenaka atsikanawo ankaikidwa pamndandanda kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, moti panalibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. Osewera otchuka Mia Hamm ndi Kristine Lilly anakulira m'manja mwake, ndipo onse awiri anali m'timu ya America imene Dorrance yemweyo anapambana nayo chikho choyamba cha dziko lonse cha akazi ku China mu 1991.

Komabe, mayi, njira si imodzi yokha. Barbra Banda sanadzere ku yunivesite ya ku America. Anachoka ku Green Buffaloes, n'kusewera ku Spain ndi ku China asanafike ku timu ya Orlando Pride ya ku America mu 2024.

Ngati mwana wanu akufuna njira ya yunivesite, adziwe kuti kumeneko amayang'ana zotsatira za m'kalasi pamodzi ndi luso la pabwalo, choncho mayeso a giredi 12 asawatenge mopepuka. Pemphani aphunzitsi ake kuti azimujambula pa foni akamasewera masewera a mpikisano wa sukulu, chifukwa aphunzitsi a kunjawo amafuna kuona okha. Munthu wina akabwera pakhomo kudzalonjeza malo ku yunivesite n'kumafuna ndalama zapatsogolo, musam'patse ngakhale ngwee imodzi musanalembere yunivesiteyo nokha kuti mutsimikizire.